Zizindikiro Zauzimu pa Khoma ndi pa Nsalu: Mafunso ndi Mayankho kwa Ojambula a ku Dedza ndi ku Ntcheu

Achinyamata ambiri amene akuphunzira kujambula kuno kwathu anayambira pa foni. Amaona zithunzi zikuluzikulu za pa makoma a ku Johannesburg, Dakar kapena New York, ndiye nawonso dzanja limawayabwa. Koma akati aikemo zathu, monga gule, mtanda, njoka ya mvula kapena chishango cha Angoni, mafunso amabuka. Ena amafunsa ndi ojambulawo, ena ndi eni magolosale ofuna khoma lawo lioneke bwino, enanso ndi makolo ndi akuluampingo amene sakumvetsa chimene mwana wawo akupaka. Mafunso amene amabwera kawirikawiri ndawasonkhanitsa pano, ndipo ndawayankha ngati munthu wogwira bulashi amene anakulira konkuno.

Kodi kujambula kotengera luso la m'misewu ndi kotani?

Luso limeneli linaphuka ku America, m'mizinda ya Philadelphia ndi New York, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Anyamata ankalemba maina odzipatsa okha pa makoma ndi pa mabogi a sitima, ndi penti wopopera kapena zolembera zikuluzikulu. Mu 1971 nyuzipepala ya New York Times inalemba za mmodzi wa iwo, wodzitcha TAKI 183, ndipo zitatero olemba pa makoma anachuluka mzinda wonse.

Poti ankalemba mozemba apolisi, zonse zinkachitika mwachangu, ndipo changucho ndicho chinabala maonekedwe amene timawadziwa lero: mizere yonenepa, mitundu yochepa koma yowala, zilembo zosakanikirana ndi nkhope, penti woyenderera osapukutidwa, chithunzi chatsopano kukwera pa chakale. Pofika m'ma 1980 ena anali atayamba kujambula pa nsalu ndi pa matabwa n'kumagulitsa, koma dzanja lija la mumsewu sanalisiye. Mukaona chithunzi chopachika m'nyumba, koma chooneka ngati achita kuchidula pa khoma la pa depoti, ndi chimenecho.

Nanga zauzimu zinalowamo bwanji?

Zinalowa ndi anthu ake, aliyense ndi zimene analeredwa nazo.

Jean-Michel Basquiat anabadwira ku Brooklyn mu 1960, bambo ake ochokera ku Haiti. Anayamba ndi kulemba mawu pa makoma pansi pa dzina loti SAMO. Atasamukira pa nsalu ankajambula anthu akuda otchuka, oimba ndi ankhonya, n'kuwaveka chisoti chachifumu cha nsonga zitatu kapena mkombero wowala umene m'tchalitchi umaikidwa pa mitu ya oyera. Mu 1982 anajambula katswiri wa nkhonya Joe Louis ndi mkombero wotero pamutu, n'kumutcha woyera. Zithunzizo zinkaonetsa poyera kuti anthu amene dziko lawo linkawapeputsa ndi oyenera ulemu. Iye anamwalira mu 1988 ali ndi zaka 27, ndipo mu 2017 chithunzi chake china cha chigaza chinagulidwa ndi madola 110.5 miliyoni.

Keith Haring ankajambula ndi choko pa mapepala akuda a m'masiteshoni a sitima. Chizindikiro chake chodziwika ndi khanda lokwawa, lotulutsa kuwala mbali zonse. Mu 1989 anajambula khoma la nyumba ya tchalitchi cha Sant'Antonio Abate ku Pisa, ku Italy, ndipo atatsala pang'ono kumwalira ndi Edzi mu 1990 anatsiriza chithunzi cha pa guwa chofotokoza moyo wa Khristu, chimene lero chili m'matchalitchi monga Grace Cathedral ku San Francisco.

Koma zimene zimandifika pamtima ndi za mu Africa muno. Ku Dakar nkhope ya Sheikh Amadou Bamba, atavala mkanjo woyera, ili pa makoma, pa mashopu ndi pa mabasi, ndipo okhulupirira amaikhudza podutsa kuti alandire dalitso. Wojambula wina, eL Seed, mu 2012 analemba ndime ya Korani pa nsanja ya mzikiti wa Jara ku Gabès, ku Tunisia. Mu 2016 anapita ku Cairo, kudera la Akhristu otola zinyalala, n'kulemba mawu a Athanasius woyera, bishopu wakale wa ku Alexandria, modutsa pa nyumba pafupifupi 50, moti chithunzi chonse chimaoneka bwino munthu akaima pa phiri la Mokattam. Msilamu kulemba mawu a bishopu pa nyumba za anthu onyozedwa, pamenepo mpomwe penti amakhala pemphero.

Kodi zimenezi si zachilendo kuno?

Chachilendo ndi chitini cha penti wopopera basi. Kujambula zauzimu pa khoma ife a ku Dedza sitinaphunzire kwa munthu. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula za pa miyala, ndipo bungwe la UNESCO linaika dera limeneli pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Pitani ku Mphunzi, ku Chentcherere kapena ku Namzeze mukaone ndi maso anu.

Mukayandikira thanthwe mupeza mitundu iwiri. Pansi pali zofiira, zofwifwa ndi ukalamba: mikombero ina mkati mwa inzake, mizere yondondozana, zina zonga makwerero. Zimenezo anasiya ndi Akafula, alenje amene makolo athu anawapeza kuno. Pamwamba pake pali zoyera, zopakidwa ndi chala ndi dothi loyera, zonenepa moti pena mumaona pamene chala chinadutsa. Zambiri zimaoneka ngati chikopa cha nyama choyalidwa, miyendo ili tambalale, thupi lodzaza madontho. Ofufuza amati zimenezi zinkapakidwa ndi amayi a Chichewa pophunzitsa anamwali, ndipo amene anaonapo madontho a pa chingondo, chimene namwali amavala kumutu, sangavutike kuona ubale wake. Palinso zoyera zina zojambula zilombo za gule, makamaka ku Namzeze, zimene ofufuza amazigwirizanitsa ndi nthawi imene gule ankaponderezedwa ndi Angoni, amishoni ndi boma la atsamunda, amuna n'kumakachitira mwambo kumapanga.

Taonani tsono: kujambula mobisala, mwachangu, ndi zimene zapezeka pafupi, chatsopano pamwamba pa chakale. Zimene anyamata a ku New York anazitulukira m'ma 1960 ndi 1970, agogo athu ankazichita kale ku Chongoni. Kusiyana kwake n'kumodzi, ndipo n'kwakukulu. Zojambula za ku mapanga zinali za anthu osankhika, pamalo obisika, ndipo panali namkungwi wozimasulira. Khoma la pa msika wa Lizulu kapena pa Chimbiya limaonedwa ndi aliyense: mwana wopita ku sukulu, shehe, m'busa, mlendo wa pa basi ya ku Blantyre, ndipo palibe woima pambali kuti amasulire. Pafupifupi vuto lililonse limene wojambula zauzimu amakumana nalo limachokera pamenepa.

Ndipemphe chinthu chimodzi ndisanapitirire. Miyala ya ku Chongoni ndi yotetezedwa ndi malamulo, ndipo maina a makala ndi choko amene anthu ena alembapo awononga kale zambiri. Luso lanu la m'misewu lithere pa simenti, pa thanthwe ayi.

Kodi ndingajambule gule wamkulu pa khoma?

Funso ili ndilo limabwera kuposa onse, ndipo yankho langa ndi lakuti inde, koma osati paliponse, osati chilichonse, ndiponso osati musanafunse.

Gule wamkulu si chinsinsi chonse. Amatuluka pa bwalo masana, pa maliro, pa ziliza, polonga ufumu, ndipo UNESCO inamuzindikira mu 2005. Ku Mua, mu Chamare Museum, muli nkhope za gule mazanamazana. Chimene chimatuluka pa bwalo, chimene amayi amachiimbira ndi kuchiombera m'manja, chingathe kujambulidwa mwaulemu. Za ku dambwe ndi za ku dambwe. Ngati munalowa, mukudziwa kale zimene simuyenera kuonetsa. Ngati simunalowe, musajambule zongomva, ndipo musayerekeze kujambula chilombo mwa njira yosonyeza zimene osalowa sayenera kuona, ngakhale mutaona wina wachita zotero pa Facebook.

Chachiwiri, chilombo chilichonse chili ndi nkhani yake. Chadzunda, wa nkhope yakuda uja, ndi kholo ndi mfumu. Maliya ndi mayi. Simoni, wofiira psuu, amanena za mlendo ndi makhalidwe ake. Kasiyamaliro ndi wolemekezeka kwambiri, amaperekeza womwalira kupita kwa makolo. Mukamusankha chifukwa choti nyanga zake zikukwana bwino pa khoma lalitali, mwaika nkhani ya maliro pamalo pamene mwina sipayenera.

Ndikudziwa mnyamata wina waluso amene anajambula Kasiyamaliro pa khoma la malo omwera mowa, pa kamsika kena ka m'mbali mwa msewu wa M1. Chithunzicho chinali chogwira maso: thupi loyera mbee, kumbuyo kwake kofiira, penti akuyenderera mpaka pansi. Koma khoma limenelo ndi lomwe oledzera ankatayirapo madzi usiku. Akuluakulu a mzinda anamuitanitsa, mlandu unakambidwa kwa amfumu, ndipo chithunzi chinafufutidwa ndi laimu. Sanamuimbe mlandu wojambula moipa. Anamufunsa kuti anapempha kwa yani, nanga anaganiza chiyani posankha khoma limenelo. Safunsa anadya phula. Pitani kwa amfumu eni mzinda, khalani pansi, aonetseni pa pepala chimene mukufuna kujambula, auzeni malo ake. Nthawi zambiri savuta, ndipo amakuuzani zina zimene zimakometsa ntchito yanu.

Mitundu ya penti ili ndi tanthauzo?

Ili nalo, ndipo kuno limabwera pawiri. Pa mwambo, mitundu ikuluikulu ndi itatu. Woyera umakumbutsa ufa wa nsembe, mizimu ndi mtima wopanda chifukwa. Wofiira ndi magazi, moyo, kutentha, ngozi. Wakuda anthu a masiku ano amafulumira kuumasulira kuti ndi imfa kapena zoipa, koma pa nsembe zopempha mvula nsalu yakuda ndi mtambo wolemera madzi, chinthu chabwino kwa mlimi.

Tanthauzo lachiwiri ndi la mumsewu, ndipo limameza loyambalo. Khoma lofiira lonse anthu amaona Airtel kapena Bullets, lobiriwira amaona TNM. Mtundu wa buluu, wachikasu kapena wa olenji ungakuvekeni chipani chimene simuli. Mukajambula tambala wakuda poganiza za Petro wokana Ambuye, odutsa aona Kongeresi. Mukajambula zitsononkho za chimanga pothokoza Chauta chifukwa cha zokolola, ena aona DPP. Musanatsegule chitini, dzifunseni kuti wa kabaza wodutsa mothamanga aona chiyani poyamba.

Ndi zizindikiro ziti za kwathu zimene ndingayambire popanda kupalamula?

Yambani ndi nthano ya chilengedwe, chifukwa ndi ya tonse ndipo imakambidwa poyera. Chauta, mwamuna, mkazi ndi nyama zonse anatsika ndi mvula pa Kaphirintiwa, ku Dzalanyama, mapazi awo n'kudinda pa thanthwe likadali lofewa. Munthu anapeka moto, tchire linayaka, nyama zinathawa kupatula galu ndi mbuzi zimene zinathawira kwa iye. Bilimankhwe anakwera mumtengo, ndipo Chauta, polephera kukwera, anakwezedwa kumwamba ndi ulusi wa kangaude.

M'nthano imodzi yokhayi muli mapazi pa mwala, mvula, timitengo topekera moto, bilimankhwe ndi ulusi. Ulusiwo ndimaukonda kwambiri, chifukwa luso la m'misewu lili ndi njira yake youjambulira: mzere umodzi wa penti woyera wosiyidwa kuti uyenderere wokha kuchokera pamwamba pa khoma mpaka pansi. Kwina kuyenderera kotero n'kokometsera chabe, koma m'manja mwa wojambula wa kuno kungathe kunena za tsiku limene Chauta anatisiya. Palinso uta wa Leza, mtsuko wa nsembe pansi pa mtengo, nkhokwe, ndi mwezi ukangooneka kumene.

Anthu akuti chithunzi changa ndi cha satanic. Ndichite chiyani?

Musakwiye, ndipo musawaseke. Mantha amenewa ndi enieni, ndipo angagwetse bizinesi ya mwini khoma. Kawirikawiri zimayambitsa ndi zinthu zitatu: njoka, diso lili lokhalokha, ndi chigaza. Inu mwina mukuganiza za Thunga, njoka ya ku kachisi wa mvula wa ku Msinja kwa Makewana, koma woona akuganiza za njoka ya m'munda wa Edeni kapena ya kukhwimira ndalama. Pa nsalu yogulitsa kwa munthu amene mwamufotokozera, jambulani momasuka. Pa khoma la golosale, njoka isakhale yokha: ikani mitambo, madontho a mvula, mbewu zikumera. Ndipo gwiritsani ntchito chida chimene luso la m'misewu lili nacho chochuluka, ndicho zilembo. Mawu awiri kapena atatu a Chichewa, monga akuti mvula ibwere, amagwira ntchito ya namkungwi amene kulibe uja.

Ndine Mkhristu. Kodi kusakaniza mtanda ndi za makolo si kupembedza mafano?

Mipingo imasiyana pa nkhaniyi, ndipo sindingakuuzeni kuti mutsutsane ndi chikumbumtima chanu. Ilipo imene salola chithunzi chilichonse m'nyumba yopemphereramo, ilipo imene imachotsa mumpingo munthu wopita ku gule. Asilamu anzathu sajambula Mulungu kapena Mtumiki, ndipo luso lawo limapita ku zilembo ndi mapatani.

Koma dziwani kuti funsoli linafunsidwa kale konkuno. Mishoni ya Mua inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo kwa zaka zambiri amishoni ndi eni gule sankamwerana madzi. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene anapatsidwa mfunda wa Chisale, anayambitsa Kungoni, kumene osema ndi ojambula akhala akufotokoza nkhani za m'Baibulo ndi nkhope, zovala ndi zizindikiro za kuno. Makoma a kunja kwa Chamare Museum ndi odzaza zithunzi za mbiri ya dziko lino. Amene akufuna kuona momwe mtanda ndi mwambo zingakhalire pa khoma limodzi popanda china kunyoza chinzake, atsike Golomoti akaone. Chimene ndinaphunzira kumeneko n'chakuti ojambulawo anayamba akhala ndi eni mwambo nthawi yaitali asanagwire bulashi.

Nanga ife a ku Ntcheu?

Muli ndi chuma chanu. Chishango, nthungo, chibonga, nthenga za kumutu, chikopa cha kambuku, ndipo koposa zonse ng'ombe, imene kwa Angoni imalumikiza amoyo ndi makolo. Pa Umhlangano, ku Nkolimbo, a Maseko amakumbukira Inkosi Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896, ndipo mwambo wa kukhwisula, wopereka nsembe kwa makolo, umachitika zovina zisanayambe. Chenjezo ndi lomwe lija: zovala za ufumu si zoveka aliyense pa chithunzi, ndipo nkhope ya Inkosi ya Makhosi siikidwa pa khoma popanda kupempha.

Bwanji osangojambula chisoti cha Basquiat, poti ndicho ogula amachidziwa?

Chifukwa si chanu. Chisoti chimenecho chinali yankho la mnyamata wakuda wa ku New York pa zimene ankaziona kumeneko. Lero chili pa malaya a pa kaunjika, ndipo chikafika pa nsalu yanu chimangonena kuti muli ndi intaneti. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, n'zoona, ndipo kalumo kamene luso la m'misewu latibweretsera ndi kulimba mtima: kujambula chachikulu, kulemba mawu pa chithunzi, kusaopa mzere wokhota. Tengani zimenezo. Koma mukafuna kulemekeza mayi wogulitsa mbatata ya kachewere pa Bembeke, funani chimene kuno timalemekezera nacho munthu. Mwina ndi mpando, mwina ndi lichowa la mfumu, mwina ndi manja awiri olandira, mwina ndi mkanda woyera. Zimatenga nthawi kuchipeza, koma mukachipeza agogo anu achiwerenga popanda kuwauza.

Alendo odzagula ku Dedza Pottery kapena ku Mua nawonso amafunsa tanthauzo la zimene akugula. Auzeni zoona. Kupeka tanthauzo lozama kuti mtengo ukwere ndi bodza, ndipo bodzalo limakafika kutali n'kumatchedwa chikhalidwe cha Achewa.

Penti wopopera ndi wodula. Ndingagwiritse ntchito chiyani?

Simukusowa penti wopopera kuti mujambule motere. Edward Saidi Tingatinga anayamba ku Dar es Salaam mu 1968 ndi penti wa njinga pa zidutswa za siling'i bolodi. Pa khoma, penti wa madzi wa PVA amakwana, ndipo mungasinthe mtundu wake ndi oxide wofiira, wakuda kapena wachikasu, yemwe amisiri amathira mu simenti ya pansi. Siponji yoviika pang'ono imapereka utsi wonga wa chopopera. Zilembo dulani pa katoni. Pa nsalu kapena pa bolodi yesani dothi lenileni, katondo ndi makande, losefa bwino n'kusakaniza ndi guluu wa matabwa. Amayi athu akhala akukongoletsa nyumba ndi dothi lamitundu kuyambira kale, ndipo afunseni kumene amakumba.

Nyengo ya kuno muisamale. Mu June ndi July khoma limadzuka lonyowa ndi nkhungu, ndiye dikirani dzuwa liliumitse, apo ayi penti adzasupuka. Pulasitala watsopano mupatseni milungu inayi. Nthawi yabwino ndi kuyambira August mpaka October, mvula isanagwe. Mukagula chopopera, tsekani mphuno ndi pakamwa, ndipo musapopere m'chipinda chotseka.

Ndipemphe kwa yani ndisanajambule khoma?

Kwa mwini nyumba, osati wochita lendi yekha. Ngati ndi pa msika, kwa komiti ya msika ndi kukhonsolo. Ngati ndi kumudzi, kwa amfumu, ndipo ngati chithunzicho chikukhudza gule, tchalitchi kapena mzikiti, kwa eni akenso. Gwirizanani pa pepala za malipiro, za amene agule penti, ndi za nthawi imene chithunzicho chikhalepo, chifukwa kampani ya foni ikabwera ndi penti waulere eni mashopu ambiri sakana. Lembani dzina lanu ndi chaka pakona ya m'munsi, ndipo mukatsiriza chijambuleni pa foni tsiku lomwelo, m'mawa kapena madzulo dzuwa lisali pamutu. Mukafuna kudziwa za umwini wa ntchito yanu, makamaka wina akayamba kuisindikiza pa malaya kapena pa makalendala, kafunseni ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito za luso, ku Lilongwe.